Masiki M'dzanja Langa

Zaka makumi awiri ndi zisanu
dzanja langa lakhala likuyenda lokha.
Akangoti wina chifuwa chamuthina,
dzina ndisanafunse n'komwe,
masiki kumaso, okosijeni mpaka pamapeto,
fwiii, ngati tayala loboka.
Tinkati mtima uli ndi ludzu, umwetseni.

Usiku uno tili kunja kwa Vilhelmina.
Chipale chofewa chakwirira mpanda wa a Torvald Näslund,
nyale za ambulansi zikunyambita makoma.
Mkuluyu tampeza pansi m'khitchini,
watsamira chitofu, nsapato ili kuphazi limodzi,
fosholo yokokolera chipale ikudontha pakhomo.
Akuti pachifuwa pamugonera chipika,
ndipo chikukwawira kunsagwada.

Ndampana chala ndi kachipangizo.
Kaphethira, kayankha: 97.
Magazi akhuta kale.
Vuto ndi njira, osati katundu,
penapake kamtsempha katsekeka
ndipo kuseri kwake mnofu ukufa mwakachetechete.

Koma dzanja, chitsiru chokhulupirika,
lafika kale m'chikwama.
Ndazindikira masiki ili m'manja.

Mai Ingegerd ayiona.
Mvekeni, akutero, mukudikira chiyani?
Bambo anga anawaveka, ndinaona ndi maso angawa,
silindayo mwabwera nayo kudzaionetsa?

Ndiwauza bwanji za chipinda chija chonunkha khofi,
mwezi umene madzi oundana ankasweka pamtsinje,
dokotala wamng'ono kuposa mwana wanga
akuloza mizere pakhoma,
akuti kwa munthu amene magazi ake akhuta
mpweya wowonjezera suthandiza,
mwinanso umafinya mitsempha
yomwe tikuipempha kuti itseguke.
Mchere, ndinaganiza, ndi mchere basi,
wochepa ndiwo zikoma, wochuluka mutaya mphika.
Tsiku limenelo sindinagone.
Ndinawerenga nkhope zonse zomwe ndinaphimba,
woyendetsa basi, mayi wa kupositi,
mnyamata wodula mitengo amene ankalavula masiki
ine n'kumaibwezera, n'kumati khala chete, ndikukuthandiza.

Elof wang'amba pepala pamakina,
mzere watukuka ngati linunda.
Asipirini pakamwa, jakisoni pamkono,
wayimbira kale ku Umeå, akonze tebulo.

Mai, ndikutero, mpweya ali nawo.
Chomwe alibe ndi nthawi.
Andiyang'ana ngati ndawabera.
Manja awo akusowa pogwira,
ndiye ndawatuma nsapato inayo.
Aipeza pansi pa mpando,
agwada, amuveka, amanga zingwe kawiri
ngati mwana wopita kusukulu.

Msewu ndi wautali, mitengo yokhayokha.
Masiki yakhala pamiyendo panga
ngati mlendo amene sanaitanidwe kuti alankhule.
Ine maso pa nambala.
96. 96. 95.
Torvald akufunsa ngati wina wazimitsa chitofu.
Kusachita kanthu kumalemera, anthuni,
kuposa machira, kuposa silinda,
palibe anandiphunzitsa kunyamula zimenezi.

Titadutsa Lycksele wayamba kutsokomola,
m'mapapo mukumveka thovu,
milomo yatuwa.
91. 89. 88.
Tsopano, dzanja, pita.
Ndatsegula pang'ono, ndawonjezera pang'ono,
osati mtsinje, kapu chabe,
mpaka nambala yakwera n'kuima.
Pamenepo ndaleka, ngakhale chala chikuyabwa.

Pachipata amulandira akuthamanga,
akalowetsa kawaya pamkono, akatsegule njira.
Zotsala si zanga.
Ndapukuta machira, ndasintha nsalu,
ndayang'ana singano ya silinda:
yangosuntha pang'ono.
Kale ndikanabwera nayo yopanda kanthu
n'kunyada kuti ndagwira ntchito.

Mai Ingegerd afika m'bandakucha pagalimoto ya mnansi.
Andipeza pakhonde ndikumwa khofi wozizira.
Sananene zikomo, sananenenso china.
Angofunsa kumene aika nsapato zake,
chifukwa, akuti, adzazifuna pobwerera.